Mvula yoyamba ku Lusaka: ngozi ya m'makomboni imabisala pansi pa nthaka

LUSAKA - Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa mu mzinda wa Lusaka, kumapeto kwa Okutobala kapena m'kati mwa Novembala, anthu ambiri amasangalala. Fumbi la chilimwe limagona, kutentha kumachepa, ndipo madzi amene anadzaza m'misewu ya ku Kanyama, Chawama ndi George amaphwa pakangopita tsiku limodzi kapena awiri. Dzuwa likawalanso, amalonda amabwerera pamalo awo, ana amapita kusukulu, nkhani ya mvulayo n'kuthera pomwepo. Koma zimene zachitika mu mzindawu kuyambira m'ma 1970 zikusonyeza kuti masiku owala otsatira mvula yoyamba ndi amene ayenera kuwadetsa nkhawa akuluakulu a boma ndi a khonsolo, pakuti madzi amene asowa pamsewu sanapite kutali. Alowa pansi, kumene kuli zimbudzi, zitsime ndi maziko a nyumba.

Ngozi ya mtundu umenewu, yokula mwakachetechete mkuntho utadutsa kale, imadziwika bwino m'maiko ozizira, ndipo m'mene anthu a kumeneko amachitira nayo muli phunziro kwa mzinda wa Lusaka. M'mapiri a Alps ku Ulaya ndi a Rocky ku North America, nyengo yozizira ikamayamba kumagwa chipale chofewa, chomwe ndi madzi oundana ogwa ngati ufa. Chipale choyambacho chimakhala chochepa. Chikagona pansi kwa milungu ingapo, kunja kukuzizira koopsa popanda china kugwa, chimasanduka timibulu tosagwirana, tonga shuga. Kenaka mikuntho ikuluikulu imabwera n'kuunjika chipale china pamwamba pake, ndipo ichi chimagwirana n'kulemera ngati silabu ya simenti. Woyang'ana ndi maso amaona phiri loyera ndi losalala, osadziwa kuti silabu yonseyo yakhala pa shuga.

Munthu mmodzi yekha akaponda pamalo ofooka, mbali yonse ya phiri imang'aluka n'kugumukira kunsi ndi liwiro ngati la galimoto pamsewu waukulu. Izi zimachitika kwambiri pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, ndipo pa ngozi 10 zilizonse zopha anthu, pafupifupi 9 amaziyambitsa ndi wofayo kapena anzake oyenda nawo. Wokwiririka akapanda kufukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira, mwayi wake wopulumuka umachepa mofulumira.

Kamba ka ichi, maiko a ku Ulaya anagwirizana mu 1993 kukhala ndi muyezo umodzi wa ngoziyi, kuyambira pa 1 kufika pa 5. Ku Switzerland, bungwe la SLF la mu mzinda wa Davos limatulutsa chenjezo tsiku lililonse m'nyengo yozizira, dera ndi dera. Akatswiri ake sakhutira ndi kuyang'ana mitambo. Amakumba maenje m'chipalecho kuti aone ndi kukhudza zimene zili pansi. Chimene apeza pa zaka zambiri n'chakuti anthu ambiri amafa muyezo uli pa 3, pamene kunja kwacha bwino ndipo phiri likuoneka labwinobwino. Ukafika pa 5 aliyense amakhala m'nyumba.

M'chigawo chino cha Africa, chofanana kwambiri ndi chigumukire chotere ndi chimene anthu a ku Malawi amatcha Napolo, pamene phiri lokhuta madzi limatsika ndi matope ndi miyala. Zinachitika ku Phalombe mu Malichi 1991, ndipo zinachitikanso mu Malichi 2023 pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. Lusaka alibe phiri loti n'kugwera anthu. Mzindawu uli pa chitunda chathyathyathya, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja. Malo ake ofooka ali kunsi kwa mapazi a anthu.

Kum'mwera ndi kumadzulo kwa mzindawu, kumene kuli Kanyama, Chibolya, John Laing, Misisi ndi Chawama, pansi pali mwala wa laimu ndi dolomaiti. Madzi a mvula akhala akusungunula mwala umenewu kwa zaka zosawerengeka, n'kusiya ming'alu, mauna ndi mapanga. Dothi la pamwamba ndi lochepa, moti ku Kanyama miyala imaonekera pabwalo la nyumba ndi pakati pa msewu. Kumene kuli dothi lakuya, zonyansa za m'chimbudzi zimasefedwa pang'onopang'ono zisanafike pa madzi a pansi. M'mwala wong'aluka mulibe sefa yotere, ndipo madzi amayenda ngati ali m'paipi, kuchoka pa chimbudzi cha nyumba iyi kukatulukira m'chitsime cha nyumba ina. Mitsinje yotulutsa madzi m'derali ndi yochepa kwambiri. Mvula imene yagwa, yomwe imakwana mamilimita pafupifupi 800 pa chaka, yambiri imangolowa pansi, ndipo madzi a pansiwo amakwera mwezi ndi mwezi. Madzi omwewo ndiwo chuma cha mzindawu, popeza kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation imapopa gawo lalikulu la madzi ake m'zitsime zakuya, ena n'kuchokera ku mtsinje wa Kafue.

Anthu sanasankhe malo amenewa chifukwa cha umbuli. Pulani ya likulu latsopano, imene Pulofesa Stanley Adshead anajambula mu 1931, likulu lisanasamuke ku Livingstone mu 1935, inasiyira anthu akuda malo ochepa, chifukwa atsamunda ankawaona ngati alendo odzagwira ntchito n'kubwerera kumudzi. Antchito anamanga m'mafamu a azungu, m'misasa ya makampani omanga ndi m'mbali mwa maenje okumbamo miyala. Maina monga John Laing, John Howard, George ndi Misisi akuchitirabe umboni za chiyambi chimenecho. Maenje a miyala aja alipobe, ndipo ena, monga damu la Ngwenya ku Misisi, amadzaza madzi chaka chonse. Ufulu utabwera mu 1964, malamulo oletsa anthu kubwera m'tauni anatha, ndipo makomboni anakula msanga kuposa mapaipi ndi ngalande. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo dera la phungu wa Kanyama lokha linali ndi anthu oposa theka la miliyoni. Mwa anthu 10 alionse a mu mzindawu, pafupifupi 7 amakhala m'makomboni, ndipo ambiri a iwo amadalira chimbudzi chokumba.

Ngozi ya chaka chilichonse imayalidwa motsatana, monga chipale cha m'phiri chija. Mu Seputembala ndi Okutobala madzi amachepa pa mipopi ndi pa makiyosiki, mizere ya zigubu imatalika, ndipo mabanja ambiri amabwerera ku zitsime zosazama za pakhomo, zimene madzi ake ndi aulere kapena otsika mtengo. Mvula yoyamba ikagwa, imakokolola zinyalala za chilimwe chonse, mapulasitiki, mabotolo, masaka ndi mchenga, n'kuziunjika m'ngalande, zimene anthu a mu Lusaka amati mifolo. Imatsukanso zonyansa zonse za pamtunda n'kuzilowetsa m'ming'alu ya mwala. Madzi a pamsewu akaphwa, mfolo umakhala wotsekeka kale ndipo chitsime chimakhala choipitsidwa kale, ngakhale madzi ake amaoneka oyera m'ndowa. Mvula ya Disembala ndi Januwale ikadzafika, imapeza pansi pokhuta ndi njira zotsekeka. Zimbudzi zimadzaza kuchokera pansi n'kusefukira. Makoma a zidina zosawotcha, ndi a mabuloko opangidwa ndi simenti yochepa, amamwa madzi kwa masiku ambiri, ndipo nthawi zambiri amagwa mvula itakata kale.

Miliri iwiri ikuluikulu ya kolera ya zaka zapitazi inatsata ndondomeko imeneyi. Wa 2017 unalengezedwa pa 6 Okutobala, mvula yeniyeni isanayambe, odwala oyamba atapezeka ku dera la Chipata mu Lusaka. Kwa milungu ingapo odwala anali ochepa. Chiwerengero chinakwera mu Disembala n'kufika pachimake kumayambiriro kwa Januwale 2018. Pofika pa 12 Meyi 2018, dziko lonse linali litalemba odwala 5,905, ndipo 5,414 mwa iwo anali a mu Lusaka, kumene anthu 98 anamwalira. Pulezidenti wa nthawiyo, a Edgar Lungu, anatumiza asilikali kukayeretsa misika ndi misewu, sukulu zinachedwa kutsegulidwa, bwalo la masewero la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo ku Kanyama anthu analetsedwa kuyenda usiku. Pa 12 Januwale 2018 ku Kanyama komweko kunabuka chipolowe, amalonda atakwiya ndi kuletsedwa kugulitsa.

Mliri wa 2023 unayambanso mu Okutobala, mu Lusaka momwemo, ndipo unakula kwambiri mu Januwale 2024. Unaposa wa 2017 kutalitali: odwala anaposa 20,000 ndipo omwalira anaposa 700 m'dziko lonse. Bwalo la National Heroes linalandiranso odwala, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Chofunika kuchiona n'chakuti nyengo imeneyo sinali ya mvula yambiri. Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chagwetsa dziko m'ngozi. Chaka chimene chimanga chinauma m'minda ndi chomwecho chimene kolera anapha anthu ambiri m'makomboni. Kuchuluka kwa mvula ya chaka chonse sikunena zambiri za ngozi ya ku Kanyama. Chimene chimanena zambiri ndi m'mene mvulayo yapezera zitsime, zimbudzi ndi mifolo.

Nthawi imene imadutsa pakati pa mvula ndi matenda inayezedwa kale. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2009, wounika miliri ya mu Lusaka ya zaka za 2003 mpaka 2006, anapeza kuti odwala kolera amachuluka patapita milungu 3 mvula itachuluka, komanso patapita milungu 6 kutentha kutakwera. Milungu 3 ndi nthawi yokwanira kuthira klorini m'zitsime, kutumiza magalimoto a madzi ndi kukonzekeretsa makiliniki. Ndi nthawi yokwaniranso kuti aliyense aiwale kuti kunagwa mvula.

Akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo mbiri ya kusefukira kwa madzi mu Lusaka imabwerera malo omwewo. Mu 1978 madzi anagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama, anthu ena anafa ndipo zikwi zinasowa pogona. Thumba la ndalama zothandizira ovutikawo linasonkhedwa, koma kayendetsedwe kake kanadzetsa mafunso amene achikulire akuwakumbukirabe. Mu 2010 mabanja ochokera ku Misisi, Kuku ndi makomboni ena anasamutsidwira m'matenti pa bwalo la Independence. M'zaka za pakati pa ngozi zikuluzikulu zimenezi muli mavuto a tsiku ndi tsiku amene salembedwa m'malipoti: wantchito wovala magambuti wanyamula nsapato m'manja, anyamata owolotsa anthu pa wilibala kapena pa thabwa n'kulandira kandalama, mayi wokapa madzi m'nyumba usiku wonse ndi beseni, bedi lokwezedwa pa mabuloko.

Ngakhale zili choncho, kunena za "makomboni a Lusaka" ngati malo amodzi kumabisa zambiri. Akatswiri a m'mapiri amadziwa kuti mbali imodzi ya phiri ikhoza kukhala yoopsa pamene ina ili bwino, ndipo ndi momwemonso muno. Ku Kanyama ndi ku Chawama madzi amaima, amakwera kuchokera pansi, ndipo akhoza kukhala milungu. Kukumba chimbudzi chakuya m'mwala n'kodula, choncho zambiri ndi zosazama kapena zokwezedwa pamwamba. Ku Mtendere, kumene kunakhazikitsidwa mu 1967, ndi ku Kalingalinga, malo ndi otsetsereka pang'ono, ndipo madzi amathamanga, kukumba misewu ndi kukathera pa nyumba zomangidwa m'dambo ndi m'mbali mwa mtsinje, monga ku Kalikiliki. Matero anamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950, ndi misewu ndi mapuloti olinganizidwa, koma zipinda za lendi zowonjezedwa kuseri kwa nyumba zachulukitsa anthu ogwiritsa ntchito mapaipi akale. George, woyandikana naye, anakula popanda pulani. Chenjezo limodzi lakuti "ku Lusaka kugwa mvula yamphamvu" silimuuza munthu wa ku Kanyama ndi wa ku Mtendere chimene aliyense ayenera kuopa.

Sikuti palibe chimene chachitika. Lamulo la nyumba la 1974 linavomereza makomboni ena, ndipo m'zaka zomwezo Banki Yaikulu ya Padziko Lonse inathandiza kukonza George ndi Chawama. Kalingalinga anakonzedwa m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany. Dziko la Japan linamanga mipopi ya madzi ku George m'ma 1990, kolera atavuta kumeneko. Pakati pa 2013 ndi 2018, pangano la madola pafupifupi 355 miliyoni ndi bungwe la Millennium Challenge Corporation la ku America linamanga ngalande za Bombay ndi Mazyopa, komanso linayamba kuika mapaipi a madzi ndi a zonyansa ku Mtendere. Ku Kanyama, bungwe la Kanyama Water Trust linayambitsa ntchito yopopa zimbudzi mwadongosolo. Zonsezi ndi ntchito zenizeni, ndipo madera amene ngalande ya Bombay imadutsa anaona kusintha. Koma ngalande ya simenti imagwira ntchito pokhapokha ili yotseguka, ndipo lamulo la 2018 loletsa mapulasitiki opyapyala silinachotse pulasitiki m'mifolo.

Pamenepa pamabuka funso la amene ali wolakwa. Akuluakulu amakonda kunena kuti anthu eni ake ndiwo amataya zinyalala m'mifolo, amamanga panjira ya madzi, ndipo ena amatsegulira zimbudzi zodzaza m'madzi a mvula usiku. Zonsezi ndi zoona, ndipo zikufanana ndi woyenda m'phiri amene amadzigumulira yekha chipale. Koma fanizoli limathera pomwepa. Wopita kukasewera m'phiri la Alps amawerenga chenjezo m'mawa n'kusankha kukhala kunyumba. Mayi wochita lendi chipinda chimodzi ku Kanyama alibe kwina kopita. Chimbudzi chimene amagawana ndi mabanja ena angapo ndi cha alandilodi, amene mwina amakhala kwina. Galimoto yotola zinyalala singalowe m'kanjira kofika pakhomo pake, ndipo madzi a pa kiyosiki amafuna ndalama tsiku lililonse pamene a pachitsime safuna. Kumuuza kuti akhale waukhondo, popanda kumupatsa madzi abwino pa milungu imene chitsime chili choopsa, n'kumusenzetsa katundu wa khonsolo ndi boma.

Chimene Lusaka angatengere ku Davos ndi chizolowezi choyang'ana pansi ndi kuuza anthu zimene zapezeka. Nthambi yoona za nyengo imalosera za kumwamba, ndipo uthenga wake umamveka pa wailesi. Ofesi ya DMMU, yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi pansi pa wachiwiri kwa pulezidenti, imadziwika kwambiri madzi akalowa kale m'nyumba, pamene imabweretsa matenti, ufa ndi mapampu. Bungwe la WARMA ndilo loyang'anira madzi a pansi, ndipo mapu osonyeza madera a Lusaka amene madzi ake a pansi amaipitsidwa msanga anajambulidwa kale mothandizana ndi akatswiri a ku Germany. Bungwe la Zambia National Public Health Institute limawerenga odwala. Nzeru zilipo, koma zili m'maofesi osiyanasiyana ndi m'Chingerezi cha malipoti.

Kuziphatikiza sikufuna makina odula. M'wodi iliyonse mukhoza kusankhidwa zitsime zingapo zimene madzi ake aziyezedwa ndi chingwe mlungu uliwonse kuyambira Okutobala, kuti adziwike m'mene akukwerera, ndi kupimidwa ngati muli tizilombo ta m'chimbudzi. Makomiti a chitukuko a m'mawodi akhoza kunena mifolo imene yatsekeka pambuyo pa mvula yoyamba. Makiliniki amadziwa kale chiwerengero cha otsegula m'mimba. Zonsezi zikhoza kusanduka muyezo umodzi wosavuta, komboni ndi komboni, wowerengedwa pa wailesi m'Chinyanja pamodzi ndi zanyengo: ku Kanyama lero muyezo uli pa 3, madzi a pachitsime asamwedwe osathira klorini kapena osawiritsa, ana asagone pafupi ndi khoma lonyowa, asasewere m'mbali mwa maenje a miyala. Muyezo wotere uyenera kumanga boma lomwe, kuti ukafika pa 3 madzi a pa kiyosiki atsike mtengo ndipo magalimoto a madzi anyamuke, osadikira kuti wina afe.

Ndalama zoyambira sizikusowa kotheratu. Thumba la chitukuko cha madera a aphungu, la CDF, linakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo linakwezedwanso m'zaka zotsatira. Vuto lake n'lakuti madera amalandira mofanana, kotero kuti Kanyama, ndi anthu ake oposa theka la miliyoni okhala pa mwala wong'aluka, analandira zofanana ndi dera la anthu ochepa kwambiri. Vuto lina ndi la ndale. Chipinda cha sukulu chimaoneka ndipo chimatsegulidwa ndi mwambo, pamene mfolo wofukulidwa mu Seputembala ndi chitsime choyezedwa mu Novembala sizijambulidwa ndi atolankhani. Mu 2017 ndiponso mu 2023, kuchokera pa odwala oyamba a mu Okutobala kufika pamene bwalo la National Heroes linayamba kulandira odwala, panadutsa miyezi yoposa iwiri, ndipo pa nthawi yonseyo mabanja a ku Kanyama anapitiriza kutunga pa zitsime zomwezo.